Funsani Amalume: Geni ya anthu awiri popanda pepala

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe ndalandira akuzungulira pa nkhani imodzi, ma geni omwe anthu anayamba awiri atatu pongogwirana chanza ndiye pano zavuta. Ndasankhapo asanu, maina ndachotsa ngati mwa masiku onse.

Amalume, ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bangwe ndipo ndili ndi kashopu ka nsapato ndi zikwama za amayi mu Limbe. Geni imeneyi tinayamba mu 2021 ndi mlamu wanga, mng'ono wawo wa abambo akunyumba. Ine ndinaika K3 miliyoni, ina ndinatenga ku banki m'khonde ina ndinachita kugulitsa kapuloti kanga, iye anaika K1 miliyoni koma tinapangana kuti iyeyo ndi amene azipita ku Dar es Salaam kukaoda katundu poti ine sindingasiye ana. Sitinalembe chilichonse, mesa ndi pachibale. Zaka zonsezi timangotapa ndalama wina akafuna, fizi, maliro, chani chani, nde pano akuti tigawane ayambe zake ndipo akuti theka ndi lake chifukwa ndi amene amavutika m'mabasi ndi kugona pa boda pa Songwe pomwe ine ndimangokhala pa shopu kuchezera makasitomala. Ine ndikuti ayi, ndalama zanga zinali zambiri gawo langanso likhale lalikulu. Abambo akunyumba angoti zii, sakufuna kuyambana ndi m'bale wawo. Akulakwa ndani apa?
Mayi wa ku Bangwe

Mayi, pepani, yankho langa silikukomerani kwenikweni koma bola mumve kwa ine mwaulere kusiyana ndi kukamva zomwezi kwa loya mutalipira kale.

Anthu ambiri amayesa kuti ngati sanalembe ndiye kuti palibe mgwirizano uliwonse. Ayi ndithu. Kuno ku Malawi tili ndi lamulo lotchedwa Partnership Act, lomwe tinatengera ku lamulo la ku England la 1890, ndipo limati anthu akangoyamba kuyendetsa bizinesi limodzi ndi cholinga chopeza phindu basi ndi mapatinala, kaya analembetsa ku boma kaya ayi, kaya ndi pachilamu kaya anangokumana pa depoti. Ndiye lamulo lomweli lili ndi mfundo zake zomwe zimalowa zokha paliponse pomwe eni ake sanapangane kanthu. Tsiku lija inu ndi alamu anu munati tisavutike ndi mapepala, mgwirizano wanu unali utalembedwa kale ndi azungu omwe anafa kalekale ku London, inu simunauwerenge n'komwe koma ukumangani.

Ukunena chani mgwirizano umenewo? Phindu mugawane pakati ndi pakati. Zoti wina anaika K3 miliyoni wina K1 miliyoni sizisintha kagawidwe ka phindu pokhapokha mutasonyeza kuti munapangana zina, ndipo mukaluza nakonso mumasenza mofanana. Apa alamu anu ali ndi mfundo. Koma asayambe kuvina msanga chifukwa lamulo lomweli limati patinala salandira malipiro pogwira ntchito ya bizinesi yake yomwe ngati simunagwirizane choncho, ndiye zogona pa Songwe zija, kudyedwa ndi udzudzu, kukanganirana mitengo ku msika wa Kariakoo ku Dar m'Chiswahili chothyokathyoka, zonsezo sizimuonjezera olo tambala imodzi. Komanso bizinesi ikamatha ndalama sizigawidwa ngati tomato, mulu uwu wako uwu wanga. Choyamba mubweze za anthu akunja, lendi ya shopu, omwe munatengako katundu pa ngongole, msonkho ngati ulipo. Kenako ngati wina wa inu anabwereka bizinesiyo ndalama zapadera pamwamba pa mpamba, abwezeredwe. Kenako aliyense atenge mpamba wake, inu K3 miliyoni iye K1 miliyoni. Chotsalacho ndiye cha theka theka.

Pomwe pakupwetekeni ndi apa. K3 miliyoni ya 2021 si K3 miliyoni ya lero, inunso mukudziwa bwino kuposa ine poti ndinu amene mumasintha mitengo pa nsapatozo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, puloti munagulitsa ija pano simungaigule ndi ndalama imeneyo olo theka lake mwina. Koma pa mpamba mulandira nambala yomwe munaika, ndipo kukwera konse kwa mtengo wa sitoko kulowa ku chotsala chija chomwe mugawane mofanana. Mzere umodzi wokha pa pepala wonena kuti mayi ali ndi 75 peresenti ya bizinesi yonse, mlamu 25 peresenti komanso azilandira ndalama yakuti pa ulendo uliwonse wa ku Dar, ukanathetsa zonsezi ndipo mlamuyo sakanadandaula chifukwa thukuta lake likanalipidwa nthawi yomweyo.

Chomwe chingakuthandizeni ndi ngati m'mbuyomu munagawanapo phindu motengera mpamba, mwachitsanzo pa Khrisimasi inu munatenga K300,000 iye K100,000 ndipo sanakane, ndipo izi zinachitika kangapo. Mgwirizano wa pakamwa nawonso ndi mgwirizano, ndipo mmene mwakhala mukuchitira zinthu ndi umboni wake. Koma mwanena nokha kuti mumangotapa. Mawu amenewo andiopsa kuposa china chilichonse m'kalata yanu, chifukwa lero palibe mwa inu amene anganene kuti anatapa zingati, ndipo munthu aliyense amakumbukira bwino zomwe mnzake anatenga, zake amaiwala.

Ndiye chitani izi. Lamulungu lina mutseke shopu nonse awiri, muwerenge sitoko yonse peya imodzi imodzi pa mtengo woodera osati wogulitsira, mulembe m'kope nonse musayine tsamba lililonse. Mutenge masitetimenti a Airtel Money, Mpamba ndi a ku banki ngati muli ndi akaunti, muone zomwe zingaoneke. Zomwe simungagwirizane muziike padera, muitane munthu mmodzi wa kwanu mmodzi wa kuchimuna, makamaka odziwako masamu, akuthandizeni. Mukamvana mulembe, ulendo uno mulembe ndithu, kuti wakuti watenga izi wakuti watenga izi, shopu ndi dzina lake zatsala ndi wakuti ndipo palibe amene adzafunsenso mnzake kanthu. Za abambo akunyumbawo, chete wawoyo sakuteteza aliyense, nkhani ikakafika ku khothi adzaitanidwa ngati mboni ndipo kumeneko sakhala zii.

Amalume ndili ku Joni chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndimagwira m'magadeni ku Johannesburg konkuno komanso maganyu a penti. Ndinakhala ndikutumiza ndalama kwa achimwene anga ku Mangochi pang'onopang'ono mpaka zinakwana zogula minibasi, iwo anaonjezerapo pang'ono komanso ndi amene amayang'anira. Tinapangana kuti mwezi ukatha azindisungira theka la zomwe yapanga. Miyezi inayi yoyamba zimayenda, pano ndikafunsa akuti yaonongeka, mawa akuti matayala, mawa akuti apolisi, koma anthu akundiuza kuti ikuyenda daily Mangochi Liwonde ndipo achimwene akumanga nyumba. Bulu buku ili m'dzina lawo poti ine kunalibe. Ndili ndi ma WhatsApp okha. Ndaluza eti?
Wa ku Joni

Mphwanga, sunaluze koma uli pamalo poterera. Mwamalamulo katundu wogulidwa ndi ndalama za bizinesi ya anthu awiri amatengedwa kuti ndi wa bizinesiyo olo atalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Vuto ndi loti munthu wofuna kugula minibasi safunsa za mbiri ya banja lanu, amangoona bulu buku ndi nkhope ya mwini dzinalo, ndiye achimwene akowo atafuna atha kuigulitsa sabata ino iwe uli kalikiliki kutchetcha kapinga wa mzungu.

Funso lomwe lidzavute ndi loti ndalama unkatumizazo zinali za chani. Iwe ukuti mpamba wa geni ya awiri. Iwo atha kunena kuti inali ngongole adzabweza akapeza, kapenanso kuti mng'ono wanga amangondithandiza ngati mmene ana a ku Joni amathandizira kwawo, ndipo zitatu zonsezi pa lisiti ya Mukuru zimaoneka chimodzimodzi, dzina, deti ndi ndalama basi. Pepala la mgwirizano ntchito yake yoyamba ndi imeneyo, kunena kuti ndalama iyi ndi ya chani.

Ma WhatsApp akowo usawapeputse. Chiyambire lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 mauthenga a pa foni ndi pa intaneti amatha kulandiridwa ngati umboni, ndiye usafufute kanthu, uwatumize ku imelo yako, ma voisi noti omwe, chifukwa foni ku Joni imatha kupita nthawi ina iliyonse ukudziwa wekha. Malisiti onse otumizira ndalama uwajambule. Kenako walembere achimwene uthenga umodzi wofatsa, wopanda kunyoza wopanda za nyumba akumangayo, wongoti achimwene ndimafuna tikumbutsane, ine ndinaika zakuti inu zakuti, minibasi nambala yakuti ndi yathu tonse ndipo phindu timagawana theka theka, si choncho? Akangoyankha kuti eya, uli ndi chinthu m'manja. Akazemba, wadziwanso pomwe waima.

Ngati patinala uli ndi ufulu woona mabuku a bizinesi, si kupempha chifundo ayi. Minibasi ili ndi tageti ya tsiku yomwe dalaivala amapereka madzulo, ili ndi malisiti a sipeya, inshuwalansi, COF, zonsezi zimalembeka m'kope wamba. Pempha kuti pakhale munthu wachitatu, kaya mlongo wanu kaya amalume anu enieni, azijambula tsamba la sabata iliyonse n'kukutumizira. Ukabwera pa holide mukakhale pansi mulembe, ndipo mundime imodzi munene kuti galimotoyi siigulitsidwa kapena kuikidwa chikole popanda siginecha za nonse awiri. Pakadali pano usatumizenso ndalama ya matayala.

Amalume, tinali ndi hadiweya ndi mnzanga wa ku sukulu kuno ku Lilongwe. Mnzangayo anakatenga simenti ndi malata pa ngongole ku holoselo ina komwe timaodako nthawi zonse, m'dzina la shopu, ine osadziwa, anagulitsa mwamseri n'kuthawa, akuti ali ku Tete. Pano eni holoselo akundilonda ine akuti ndibweze zonse apo ayi andisumira. Ine sindinasayine paliponse. Angatero?
Wodabwa, Area 36

Angatero achimwene, ndipo mwina apambana. Pa bizinesi ya mtundu uwu aliyense wa inu amaimira shopu yonse, ndiye mnzanu akakatenga katundu wa mtundu womwe mumagulitsa, komwe mumatengako kale, m'dzina la shopu, kwa a holoselo zili ngati mwatenga nonse. Ndipo ngongole yake siithera pa katundu wa mushopu, imakutsatirani kunyumba, masherifu akabwera ndi chigamulo cha khothi sasiyanitsa kuti iyi ndi wilibala ya shopu iyi ndi filiji ya mayi a kunyumba.

Izi ndikunena ndinazionapo ndekha. Zaka zapitazo ndinali ndi golosale ndi msuweni wanga, iye anakatenga makatoni a sopo ndi mafuta ophikira pa ngongole n'kupita nawo kumudzi nthawi ya zokolola ati akasinthanitse ndi mtedza, mtedzawo sindinauone mpaka lero, koma njinga yanga ya Humber yomwe ndinkainyadira ndinaiona ikutuluka pageti itakwezedwa pa pikapu ya eni sopo. Msuweniyo timakumanabe pa maliro, timapatsana moni bwinobwino.

Ndikuuzeni zoona, pepala la mgwirizano palokha silikanakutchinjirizani kwa a holoselo ngati iwo sankadziwa zomwe munalembamo. Limagwira ntchito mukalemba kuti palibe wotenga ngongole yoposa ndalama yakuti popanda mnzake kusayina, kenako n'kuwadziwitsa mwa kalata onse omwe mumaodako komanso banki. Akadziwa n'kuperekabe katundu kwa munthu mmodzi, ndiye nkhani yasintha. Pano chofunika msanga, lemberani makalata onse omwe mumachita nawo geni kuti ubale wa bizinesi ndi mnzanuyo watha kuyambira deti lakuti, chifukwa akhoza kukatenganso kwina m'dzina lomwelo. Kanenani ku polisi za katundu anabayo, pitani kwa a holoselo mukapemphe kubweza pang'onopang'ono nkhani isanafike ku khothi komwe kukaonjezereke ndalama za maloya. Mnzanuyo akadzapezeka muli ndi ufulu womusumira kuti akubwezereni. Mukadzafuna kuyambanso ndi munthu wina, ganizirani zolembetsa kampani ya limitedi pansi pa Companies Act ya 2013, kumeneko ngongole imakhala ya kampani osati yanu, pokhapokha mutasayina nokha kuti kampani ikalephera mudzabweza ndinu, zomwe mabanki amakonda kupempha.

Amalume, amuna anga anamwalira chaka chatha mwezi wa August. Anali ndi chigayo ndi mnzawo wa kalekale kuno ku Kasungu, chogaya ndi chokonola, anayamba limodzi ana athu ali ang'ono. Ali moyo madzulo aliwonse ankabwera ndi kandalama ndipo ndi zomwe tinkalipirira ana sukulu. Pa maliro mnzawoyo analira kwambiri, anagula bokosi, analonjeza pamaso pa anthu kuti ana sadzavutika. Miyezi itatu yoyamba ankatipatsa kangachepe, pano wasiya, ndikapita akuti chigayo ndi chake malemu ankangomuthandiza ntchito, umboni wake ndi woti malo ndi a kwawo ndipo mita ya ESCOM ili m'dzina lake. Ine ndikudziwa kuti mota ya chokonola amuna anga anagula ndi ndalama za fodya, ndinalipo. Kwinaku achibale a malemu nawonso akuti gawo la chigayolo ndi lawo. Ndilowere kuti?
Mayi wamasiye, Kasungu

Mayi, pepani ndi zonse zakugwerani. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri.

Anthu akamakana kulemba amati timakhulupirirana, ndipo mwina amuna anu ndi mnzawoyo ankakhulupiriranadi, zaka zonsezo osakanganapo. Koma iwo awiri ankadziwa za chigayocho m'mitu mwawo, mutu umodzi wapita, watsala umodzi womwe uli ndi chifukwa choiwalira. Inu ndi ana simunali nawo pa mgwirizanowo koma ndinu amene mukulipira.

Lamulo likuti chani. Ngati sanapangane zina, patinala mmodzi akamwalira mgwirizano wa bizinesi umathera pomwepo. Izi sizikutanthauza kuti wotsalayo watenga zonse ayi. Zikutanthauza kuti katundu wa bizinesi awerengedwe, ngongole zibwezedwe, ndipo gawo la malemu lipite ku chuma chawo chamasiye. Inuyo simulowa m'malo mwa amuna anu ngati patinala pokhapokha mnzawoyo atavomera, koma mtengo wa gawo lawo ndi wanu ndi ana. Ndipo ngati iye akupitiriza kugayitsa ndi makina omwe mbali ina ndi ya malemu asanakupatseni gawolo, muli ndi ufulu wofuna kuti pa nthawi yonseyi akupatseniponso kanthu.

Zoti malo ndi a kwawo ndiponso mita ili m'dzina lake sizitseka nkhani. Malo atha kukhala ake makina n'kukhala a onse awiri, zimachitika kwambiri. Ntchito yanu ndi yosonkhanitsa umboni woti amuna anu sanali waganyu. Funafunani m'masutikesi lisiti ya mota ija, mapepala a ku okushoni a chaka chomwe anagulitsa fodya uja, kope lililonse lomwe ankalembamo za chigayo. Mnyamata wogayitsa akudziwa kuti madzulo ndalama ankapereka kwa ndani ndipo ankagawana bwanji. Makaniko yemwe anamanga makinawo akudziwa amene anamulipira. A mfumu ndi anthu omwe anamva lonjezo la pa maliro lija alipo. Ngakhale kangachepe kaja ankakupatsani miyezi itatu, ngati kanadzera pa foni sungani mauthengawo, munthu sapereka ndalama mwezi ndi mwezi ku banja la waganyu.

Za achibale a malemu, lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi omwe ankadalira malemu, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Musakangane nawo pakhomo. Pitani ku ofesi ya DC mukafotokoze, akuuzani kayendetsedwe ka chuma chamasiye ndi ngati nkhaniyi ikufunika kupita kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha anthu omwalira. Poti ndalama ya loya ndi yovuta, pitani ku Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi yothandiza anthu ngati inu. Wina akayamba kukuopsezani kapena kunyamula katundu, ku polisi kuli Victim Support Unit. Musasayine pepala lililonse lomwe mnzawo wa malemuyo angabwere nalo, olo atabwera ndi ndalama m'manja, musanaonetse kwa munthu wodziwa malamulo.

Abambo amene mukuwerenga muli ndi chigayo, thirakitala, boti kapena shopu ndi mnzanu, tafunsani akazi anu usiku uno ngati akudziwa gawo lanu ndi lotani komanso pepala lake lili pati.

Amalume mwaswera? Ine ndi mnzanga wa ku kwaya tikufuna tiyambe kuweta nkhuku za nyama, anapiye 200 poyamba, taoda kale akubwera Lachisanu. Ine ndaika ndalama ya anapiye ndi fidi, iye wapereka khola kwawo ku Chinsapo ndipo ndi amene azizisamalira poti ine ndili pa ntchito. Ndimafuna tilembe kaagrimenti koma ndikuopa aziona ngati ndikumuyesa wakuba, ndi munthu wopemphera kwambiri kkkk. Komanso loya ndi wodula, geni yake yaing'ono ngati iyi mpaka loya?
Mtsikana wa ku Area 25

Taswera chemwali, ndipo mwa onse andilembera mwezi uno ndiwe wekha wafunsa madzi asanafike m'khosi.

Kuti asakhumudwe, usayambe ndi zoti ndikufuna kuteteza ndalama zanga. Yamba ndi mbali yake. Muuze kuti asisi, inu muzidzuka usiku kukoleza mbaula ya anapiye, kusintha madzi, kukolopa khola, ndiye ndikufuna tilembe kuti ntchito yanuyo ndi khola lanu tikuziwerengera ndalama zingati kuti ndisadzakudyereni masuku pamutu. Zimenezo ndi zoona ndithu, chifukwa monga ndawauzira mayi a ku Bangwe aja, popanda pepala wogwira ntchito salandira malipiro. Muonetsenso tsamba lino awerenge yekha. Akakanabe zolemba atamva zonsezi, ine ndikanabweza oda ya anapiyeyo. Za kupempherazo, ku tchalitchi komweko chopereka amawerenga anthu angapo n'kulemba m'buku, palibe amene amakwiya.

Loya pa anapiye 200 si wofunikira kwenikweni. Tengani pepala, lembani m'Chichewa chomwe nonse mukumva, palibe lamulo loti mgwirizano ukhale m'Chingerezi chovuta. Maina anu onse ndi manambala a ziphaso za unzika, dzina la geni, deti loyambira. Aliyense waika chani ndipo mtengo wake ndi uti, ndipo apa ufotokoze bwino za khola, kodi lalowa mu bizinesi kapena bizinesi ikungobwereka, nanga mukalikuza ndi ndalama za geni n'kudzasiyana, iye adzakubwezera zingati poti khola sungalinyamule kupita nalo ku Area 25. Zomwera ndi zodyera za nkhuku ndi za ndani. Phindu muzigawana maperesenti angati, liti, ndipo zingati zizitsala kuti muodere anapiye ena. Nkhuku zimafa chemwali, chitopa chikalowa kapena katemera akachedwa utha kupeza khola lonse lagona m'mawa umodzi, ndiye mulembe kuti zikatero kuluzako mugawana bwanji, komanso nkhuku iliyonse yakufa izijambulidwa pa foni tsiku lomwelo isanatayidwe, chifukwa mkangano wa geni ya nkhuku umayambira pa mawu oti zinafa. Nkhuku yopita mumphika wa kunyumba, kaya kwanu kaya kwawo, kaya kwabwera abusa, ilembedwe ngati yagulidwa. Ngongole kwa makasitomala azipereka ndani ndipo mpaka zingati. Ndalama zizisungidwa pati, bola nambala kapena akaunti yapadera osati ya munthu yomwe amaguliranso mayunitsi ndi ndiwo.

Kenako zija anthu safuna kuzitchula. Wina akafuna kutuluka anene miyezi ingati isanakwane, popeza popanda ndime imeneyi mnzako atha kungodzuka n'kunena kuti ndasiya nkhuku zili ndi masabata atatu. Wina akadwala nthawi yaitali, akakwatiwa n'kusamukira ku Mzuzu, akamwalira, gawo lake liwerengedwa bwanji ndipo lipita kwa ndani. Bambo akunyumba kapena chibwenzi cha wina chili ndi mawu pa geniyi kapena ayi, lembani, mudzandithokoza. Mukasemphana mupita kwa ndani musanathamangire ku khothi, mutchule munthu kapena udindo wake.

Nonse musayine tsamba lililonse, mboni ziwiri zosakhala zapabanja panu zisayinenso, aliyense asunge kope lake ndipo mulijambule pa foni. Mukafuna kuti lilemere pitani nalo kwa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, mukasayinire pamaso pake adinde chidindo, ndi zotchipa kusiyana ndi kulembetsa kwa loya. Geni ikakula mpaka kufuna kumapereka nkhuku m'malesitilanti ndi m'masukulu, mudzafunika kulembetsa dzina la bizinesi pansi pa Business Registration Act ya 2012, kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi kutsegula akaunti ya ku banki yosayina awiri, ndipo nthawi imeneyo ndiye mupite ndi kapepala kanuko kwa loya akakakonze bwino. Kulembetsa ku boma kumasonyeza kuti bizinesi ilipo ndipo eni ake ndi ndani, koma sikunena za khola, za chitopa kapena za nkhuku ya abusa, zimenezo ndi za pepala lanu.

Wati anapiye akubwera Lachisanu, nde mukhale pansi Lachitatu madzulo mukaweruka ku kwaya. Pakatha masabata asanu ndi limodzi undilembere kuti mwa 200 aja afika pa msika ndi angati.